Mabuku a m'Dengu la Nsomba

"Nanga awa tiwatani?" anafunsa a Goodwell, uku akukokera dengu lalikulu pakati pa mphasa.

Linali dengu la nsomba, lakuda ndi utsi, koma m'katimo munali mabuku. Ndi okhawo anatsala. Zitenje, mapoto, ambulera ndi nsapato za kutchalitchi zinali zitapeza kale eni ake. Panali patatha masiku anayi chiikire m'manda a Jesinta, mlongo wa a Goodwell, ndipo abale anali atakhala pansi pa mtengo wa nimu kugawana katundu wa malemu kuti aliyense azipita kwawo.

"Ndipatseni ine," anatero a Molly, mkulu wawo wa a Jesinta. "Mapepala ake ndi olimba. Ndizikulungira nsomba ku Bangula."

A Goodwell anatembenukira kwa mwini nyumba. Pa mtundu wawo, chinthu sichichoka pa mphasa mwini nyumba asanavomere, ndipo palibe amene amanyamuka mphasa isanakutumulidwe ndi kupindidwa. A Shadreck Semba, mwamuna wa malemu, anali atakhala pa chidutswa cha bwato lakale, thukuta likuyenderera pamutu pawo pometa kumene. M'mawa wonse ankangogwedeza mutu. Ngakhale wailesi imene ankamvera awiri anailola kupita.

"Alamu?"

"Ayi," anatero a Shadreck.

Anthu anayang'anana.

"Ayi bwanji, alamu? Mukuwafuna inu?"

"Asankhe kaye Tithokoze. Opita nawo ku Blantyre."

Tithokoze, mwana wawo wamkazi, anali atakhala kumapeto kwa mphasa, mpango wakuda uli kumutu. Mtsikanayu ankaphunzira ku Blantyre kupanga mapulogalamu a kompyuta ndi magemu. Anabwerera kumudzi mu Febuluwale, matenda atawagwetsa amayi ake, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Akusukulu anamusungira malo, koma anamutumizira uthenga pafoni kuti akapanda kufika Lolemba, malowo apatsa wina. Tsikuli linali Loweruka.

"Ababa, ndinanena kale dzulo," anatero Tithokoze osadzutsa mutu. "Sindikupita."

"Mwamva?" anatero a Molly. "Mwanayu waganiza bwino. Mchimwene wake Eric ntchito yake ili ku magetsi ku Kapichira, mawa akubwerera. Inu mukhala ndi ndani? Madzi azikutungirani ndani? Mng'ono wanga sanasiye nyumba kuti isanduke khola la mbuzi."

A Shadreck anadzuka, natenga buku la pamwamba, naliika pamiyendo pa mwana wawo. Kenaka anabwerera pamalo pawo.

"Ili?" anafunsa.

A Goodwell anasuzumira dzuwa pakati pa masamba a nimu. "Alamu, ine kwathu ndi kutsidya. Mphepo ya masana ikayamba, a mabwato sawolotsa munthu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Ili?" anabwereza a Shadreck, maso ali pa Tithokoze.

Mabukuwa onse anagula ndi a Jesinta. Iwo ankawamba milamba ndi makakana amene amuna awo ankapha ku dambo, n'kumakagulitsa ku Limbe kawiri pamwezi. Chiyambire Tithokoze kukamba za makompyuta ali Fomu 2, dengu silinkabwerera lopanda kanthu. Ankagula kwa mavenda oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu. Chingerezi sankachidziwa, poti sukulu analekeza Sitandade 3. Tithokoze ankalandira buku lililonse ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kukaliika m'dengu lina lakale limene linkapachikidwa kudenga. Madzi a namondwe wa Freddy atalowa m'nyumba mpaka m'chiuno, nkhuku zinapita, mapira anapita, koma dengu linatsala. Ndipo pa zaka zonsezi mtsikanayu sanawauzepo amayi ake kuti ambiri mwa mabukuwo analibe nawo ntchito.

"Thoko, tangoyankha," ananong'ona Eric, mchimwene wake. "Ababa sukuwadziwa? Tigona pompano."

Tithokoze anatsegula bukulo, nalitseka. "Ili si la kompyuta n'komwe. Ndi la madokotala a mano."

A Shadreck anagwedeza mutu. A Molly analitenga, naliika pambali pawo. Lachiwiri linatera pamiyendo pa Tithokoze.

"Ili?"

"Ili ndi la kompyuta, koma linatha ntchito. Limangonena kuti dinani apa, dinani apo. Pulogalamu imene likunenayo inasiya kugwira ine ndisanabadwe."

"Aa! Kodi buku limasasanso ngati thobwa?" anafunsa a Goodwell.

"Ena amasasa, amalume. Ophunzitsa podina sachedwa. Ophunzitsa kaganizidwe ndi amene amakhalitsa."

A Goodwell analitenga. "Ndiye ili ndi lako, Molly. Nsomba zako ziphunzire kudina."

Lachitatu linali lalikulu ngati njerwa ziwiri. Eric analiyeza m'manja. "Ukatenge limeneli. Muli zonse."

"N'chifukwa chake sindikulifuna. Lili ngati dikishonale. Munaonapo munthu ataphunzira kulankhula powerenga dikishonale? Ukafuna mawu amodzi, umangofufuza pafoni."

"Ndi zimene ndimafuna kunena," anatero Eric. "Zonsezi zili pa intaneti. Pali mavidiyo ophunzitsa chilichonse. Tikungopserera ndi dzuwa chifukwa cha mapepala onunkha milamba."

"Achimwene, inu mumagona pafupi ndi kumene magetsi amachokera. Ine bandulo ikatha, mphunzitsi wathawa. Komanso vidiyo umangoitsatira ngati nkhosa. Zimene wakopera zimayenda bwinobwino, koma ukaitseka sudziwa chimene wachita."

A Shadreck anabweretsa lina. Linali lachikuto chong'ambika, chomatidwa ndi selotepi. Tithokoze analigwira mosiyana ndi enawo. M'mphepete mwa masamba munali zolemba zake za pensulo, zina zofufutika ndi thukuta la zala.

"Ili ndi limene linandiphunzitsa," anatero. "Chilankhulo chake amati C++. Magemu ambiri akuluakulu amalembedwa m'chimenechi."

"Kompyuta ili ndi chilankhulo chake?" anadabwa a Goodwell. "Nanga Chisena imamva?"

"Sinafike kuno, amalume. Ubwino wa bukuli, mutu uliwonse umatha ndi ntchito yoti uchite wekha, popanda mayankho kumbuyo. Ndinkalemba m'kope, chifukwa laputopu ndinalibe. Mitu itatu yomaliza sindinaimalize."

Analiika pansi, pafupi ndi bondo lake. A Molly anatambasula dzanja kuti alitenge. Tithokoze analipsinja ndi chikhatho.

"Ili ayi, amayi aakulu."

"Poti sukupita, ulitani?"

"Ndingolisunga."

A Shadreck anayang'ana kumbali, ngati sanamve kanthu.

Anatulukanso ena atatu. Lina linali la mainjini a sitima zapamadzi, lina la pulogalamu yakalekale yolembera makalata, lina chiswe chinali chitalidya pakati. Onse anapita kwa a Molly. Mthunzi wa nimu unali utasuntha, ndipo amayi ena anakoka zitenje zawo kuutsatira. A Goodwell anavula chipewa, nadzipepesa nacho.

Buku lotsatira Tithokoze sanalizindikire. Chikuto chake chinali ndi chithunzi cha tiketulo wopangidwa ndi timizere.

"Ili linabwera liti?"

"Januwale," anatero a Shadreck. "Ulendo womaliza."

Tithokoze anali ku Blantyre nthawi imeneyo. Atabwera, panalibe mpata wotsitsa dengu. Anatsegula pang'onopang'ono. Masamba anali odzaza masamu ndi zojambula za tizidutswa ta makona atatu, tolumikizana mpaka kupanga nkhope ya munthu, galimoto, phiri.

"Ili ndi la zithunzi za m'magemu," anatero. "Momwe kompyuta imajambulira chinthu kuti chioneke ngati chenicheni. Kuwala, mthunzi, zonse. Ndi lakale, koma masamu ake ndi omwewo mpaka lero."

"Magemu akewo ndi otani?" anafunsa a Molly. "Anthu amapitira kusukulu masewera?"

"Simunaione ya Thoko?" Eric anatulutsa foni m'thumba. "Ananditumizira chaka chatha. Gwirani, amayi aakulu."

"Nkhabe! Ine zimenezo ayi."

"Tagwirani. Bwato ili ndi lanu. Mukakankha chala uku likhota uku. Muzipewa mvuu."

A Molly anapukuta manja pachitenje, nailandira foniyo ngati yotentha. Pasikirini panali kabwato kakuyenda pakati pa bango, munthu wachipewa ataimirira kumbuyo ndi mponda wokankhira bwato. Anakankha chala. Kabwato kanakhota, kanalowa m'bango, kanatulukanso. Mwadzidzidzi mutu wa mvuu unavuuka kutsogolo.

"Mayo! Choka! Choka iwe!" anakuwa a Molly, akupendeketsa thupi lonse. Kabwato kanagubuduzika. "Yandipha! Eric, yandigubuduza!"

Anthu anaphulika kuseka. A Goodwell anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba kuti pakhomopa pamveke kuseka chichitikire maliro, ndipo atasiya, ena anayang'ana pansi mwamanyazi. Koma aliyense ankadziwa zimene palibe amene ankazitchula. Miyezi yomaliza a Jesinta ankabuula mpaka oyandikana nawo kumva, ndipo mankhwala anali atasiya kugwira. Tsiku limene anatsirizika, m'nyumba munalowa bata. Nkhope yawo inamasuka, ndipo amene anawaona anati apuma.

"Bweretsa ndione," anatero a Shadreck.

Eric anawapatsa. Iwo sanasewere. Anangoyang'ana, foni ili patali ndi maso.

"Bwato lili bwino," anatero. "Mvuu ili bwino. Madzi ayi."

"Ndikudziwa, Ababa. Ndi pamene ndinakanika."

"Ali ngati lata."

"Ndinayesa kusintha mtundu kambirimbiri. Ndikawapanga obiriwira amakhala ngati bulangeti. Ndikawawalitsa amakhala ngati lata."

"Madzi alibe mtundu umodzi," anatero a Shadreck. Analoza pansi pafupi ndi phazi lawo. "Pafupi ndi bwato, umaona pansi. Matope, udzu, nsomba." Analoza kutali, kupitirira khola. "Patali, umaona kumwamba."

Tithokoze anawayang'ana. Kenaka anayamba kutembenuza masamba mofulumira, kubwerera kumene anali atadutsa. Anaima pa chojambula china. Panali diso la munthu, mzere woimira pamwamba pa madzi, ndi mivi iwiri. Wina unkalowa pansi molunjika, wina unkadza chopendekera n'kunjanja kubwerera kumwamba.

"Ababa, ndi zimenezo zalembedwa apa! Taonani. Ukayang'ana molunjika pansi, kuwala kumalowa. Ukayang'ana chopendekera, kumabwerera ngati pagalasi. Pali ndi masamu ake omwe."

"Alamu, kodi bukuli munalemba ndinu?" anafunsa a Goodwell.

Tithokoze sanamve. Chala chake chinkayenda pansi pa mizere, milomo ikugwedera. Anatembenuza tsamba, nabwerera, natembenuzanso. Mpango unatsetsereka kumutu kwake koma sanaukonze. Mbuzi inafika mpaka pamphasa kudzanunkhiza dengu, Eric naipirikitsa. A Goodwell anatsegula pakamwa kuti anene za mphepo, koma a Shadreck anangokweza dzanja, iwo natseka.

"Ndiye kuti kadontho kalikonse ka madzi ndiyenera kukawerengera pakokha," anatero Tithokoze, akulankhula yekha. "Kapafupi katenge mtundu wa matope, kapatali katenge wa mitambo. Laputopu yanga singakwanitse, imatentha. Koma ndikakayesa pa makompyuta a kusukulu aja, Lachiwiri masana mulibe anthu, ndikhoza..."

Anasiyira pomwepo. Anadzutsa mutu. Onse anali akumuyang'ana.

Anatseka bukulo, koma chala chinatsalira m'kati.

"Nanga inu, Ababa?"

"Ine chiyani?"

"Azikuphikirani ndani?"

"Ku dambo amandiphikira ndani?"

"Ku dambo ndi ku dambo, alamu," analowerera a Molly. Mawu awo sanalinso aukali. "Kumeneko muli ndi anzanu. Ine ndikunena pobwera. Munthu kufika pakhomo, chitseko chotseka, wokufunsa kuti mwayenda bwanji palibe. Ine ndinaziona atamwalira bambo a Lilian. Si njala imene imavuta."

A Shadreck anabweza foni kwa Eric. Anasisita mutu wawo.

"Nsomba zanga aziwamba ndani?" anafunsa.

"Ndi zimene ndikunena ine."

"Muziwamba inu. Ng'anjo ndi iyo. Kwanu n'kuseri kwa mjigo pomwepa."

"Aa! Ndiye mwandilemba ntchito?"

"Muzindifunsa kuti ndayenda bwanji. Ndiziyankha."

"Inuyo? Kuyankha?" A Molly anawomba m'manja kamodzi. "Zaka makumi atatu mng'ono wanga ankalankhula yekha m'nyumba umu ngati wailesi."

"Ndinkamvera."

A Molly anapukusa mutu, koma sanakane. A Shadreck anatembenukira kwa mwana wawo.

"Miyezi isanu ndi itatu wagwira. Yakwana. Ine sindikudwala."

Misozi inagwera pachikuto cha bukulo. Tithokoze anaipukuta msanga ndi nsonga ya mpango, kuyamba ndi ya pabuku, kenaka ya m'maso.

"Anthu aziti ndathawa maliro asanazizire," anatero.

"Anthu ake ndi ife," anatero a Goodwell. "Tinakuona. Pita, mwana wa mlongo wanga, ndipo uyankhe msanga ndisanagone pa doko."

Tithokoze anayang'ana a Molly. A Molly anayang'ana mulu wa mabuku pambali pawo, nausanja bwino ngakhale unali wosanjika kale.

"Minibasi ya Blantyre yabwino ndi yoyamba," anatero. "Za masana zimaima paliponse. Ndikukonzera kamba."

Mtsikanayo anatulutsa mpweya wautali, mapewa ake natsika. Anaika buku la zithunzi pamwamba pa lachikuto chong'ambika lija.

"Ndipita. Koma Disembala ndibwera."

"Ubwere madzi atakhala madzi," anatero a Shadreck.

Otsalawo anayenda msanga. Tithokoze sanadikirenso kufunsidwa. Anakokera dengu pafupi, n'kumatulutsa yekha. Anapeza kabuku kakang'ono ka masamu a makona ndi mizere, nati kamuthandiza kumvetsa lalikulu lija, nakaika pamulu wake. Lina lophunzitsa kutayipa anapatsa Eric, nati amalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola mapira. Ena onse anapita kwa a Molly.

Pansi penipeni panatsala limodzi, lolemera, lachikuto cholimba chobiriwira. Tithokoze analitsegula, nakwinya nkhope. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Munali mawu ataliatali ndi zizindikiro zokhotakhota.

"Ili si Chingerezi," anatero.

A Goodwell, amene ankakonda kuoloka kukagula mbuzi ku Mozambiki, analisuzumira. "Si Chipwitikizinso."

"Kapena Chijeremani," anatero Eric. "Amayi anagula bwanji chinthu chotere?"

A Molly anayamba kuseka. Anaseka atagwira pamimba, mpaka misozi inatuluka, ndipo zinali zovuta kudziwa pamene kuseka kunathera.

"Ndinalipo tsiku limenelo," anatero, akupukuta m'maso. "Simukudziwa momwe ankasankhira? Ankafika pa wogulitsa, n'kutola buku, n'kutsegula pakati. Ndiye amvekere, 'Werenga apa, undiuze zikutanthauza chiyani.' Wogulitsa akafotokoza bwinobwino, Jesinta ankalibweza pansi. Amvekere, 'Ngati iwe walimva, mwana wanga analipitirira kale.' Akachita chibwibwi, n'kuyamba kukanda mutu, basi lalowa m'dengu."

"Amayi!" anatero Tithokoze, atagwira pakamwa.

"Mavenda a ku Limbe ankabisala akamuona. Ili lokha, munthu wake anakanika ndi mawu oyamba omwe. Anaitana mnzake, nayenso anakanika. Jesinta analinyamula ngati mwana wakhanda. Njira yonse mpaka kutsika Thabwa anali atalifungatira, kuti lisanyowe ndi mvula yolowera pazenera." Anatambasula dzanja. "Bweretsa kuno. Mapepala ake ndi abwino kuposa onsewa."

A Shadreck anadzuka. Analitenga bukulo m'manja mwa Tithokoze, nalitsegula pakati, nalipereka kwa Eric.

"Werenga apa."

"Ababa, ndanena kale kuti..."

"Werenga."

Eric anayesa. Lilime linakakamira pa mawu achiwiri. Anayambiranso, nakakamiranso, kenaka anakanda mutu.

A Shadreck analilanda, nalitseka. Anapukuta fumbi pachikuto ndi mkono wa malaya awo. Anawerama, naliika pamwamba pa mulu wa Tithokoze.

"Ili ndi labwino," anatero.